KUGULA NDI KULIZA GITALA YAKALE YAMAGETSI

Awa ndi mawu amene mmodzi wa ife, yemwe pa nthawi yake adali m'gulu loimba la pasukulu, adalankhula pa msonkhano wathu wa pachaka anthu atatha kudya nkhomaliro. Tawasindikiza monga adawalankhulira chifukwa ambiri amene sadafike adapempha kuti nawonso amveko.



Komiti idandipempha kuti ndilankhuleko za chinthu chimene ndimachita ndikaweruka ku ntchito, ndipo idandichenjeza kuti ndisatalikitse popeza anthu akakhuta maso amalemera. Nkhani yanga ndi ya gitala yakale yamagetsi. Ena muona ngati nkhani ya masewera, koma miyezi yapitayi anzathu angapo a m'bungwe lino andifunsa za nkhani yomweyi. Wina akufuna kutapa ndalama za penshoni kuti aitanitse gitala imene ankailota ali mnyamata. Wina wapeza gitala pamwamba pa wadirobu ya malemu achimwene ake ndipo sakudziwa ngati aigulitse kapena aipereke kwa adzukulu. Wina kutchalitchi kwawo akufuna kutaya zida zakale za kwaya. Pa nkhani zonsezi pali ndalama zimene zingatayike, ndipo monga ndifotokozere kutsogoloku, pali ngakhale moyo wa munthu.

Tiyambe ndi kumene zidazi zidachokera, chifukwa mtengo wake sungamveke popanda mbiri yake. Ku Fullerton m'chigawo cha California ku America kudali mkulu wina wokonza mawailesi dzina lake Leo Fender. Mkuluyu sankadziwa kuliza gitala. Chimene ankadziwa ndi mawaya, ndipo ankamvera madandaulo a oimba amene ankabweretsa zida zawo kuti awakonzere. M'chaka cha 1950 adatulutsa gitala ya thabwa lokhalokha, yopanda mphako m'kati, khosi lake lomangidwa ndi masikuluu anayi kuti likawonongeka ungolimasula n'kuikapo lina. Adaitcha Broadcaster, koma kampani ya Gretsch idadandaula kuti dzinalo likufanana ndi la ng'oma zawo, choncho mu 1951 idasanduka Telecaster. Mu 1954 adatulutsa Stratocaster, imene inkagulidwa madola 249.50. Nawo a kampani ya Gibson adatulutsa yawo ya Les Paul mu 1952.

Onani kuti zidazi sizidapangidwe ngati zokongoletsera m'nyumba. Zidali ngati khasu la woimba, zopangidwa mufakitale kuti zigwire ntchito usiku uliwonse m'malo ovinira.

Nanga mitengo idakwera bwanji? Mu Januwale 1965 Leo Fender, poona kuti thanzi lake silili bwino, adagulitsa kampani yake kwa a CBS pa mtengo wa madola 13 miliyoni. Eni atsopanowa adafuna kupanga magitala ambiri mofulumira, ndipo zinthu zidayamba kusintha pang'onopang'ono. Chakumapeto kwa 1965 mutu wa Stratocaster udakula. Cha m'ma 1968 adayamba kupaka penti yokhuthala yolimba ngati pulasitiki m'malo mwa yopyapyala ija yotchedwa nitrocellulose. Mu 1971 masikuluu a khosi adachoka pa anayi kufika pa atatu, ndipo magitala ambiri a kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 adali olemera moti phewa limachita dzanzi usanamalize nyimbo zisanu. Oimba adayamba kusakasaka zakale zija, n'kumazitchula kuti "pre-CBS", ndiye kuti zopangidwa CBS isanabwere. Kuyambira pamenepo chaka cha 1965 chidasanduka malire a mtengo. Kwa a Gibson nkhani ndi ya kuchepa: Les Paul Standard ya 1958 mpaka 1960 idapangidwa pafupifupi 1,700 yokha chifukwa pa nthawiyo sinkayenda malonda, ndipo lero imodzi imagulidwa madola mazanamazana a zikwi.

Pano ndinenepo maganizo anga, ndipo amene akutsutsa tikumana panja. Mtengo wa gitala yakale sufanana ndi kukoma kwa mawu ake. Jimi Hendrix ku Woodstock mu 1969 ankaliza Stratocaster ya 1968, ya nthawi ya CBS yomwe imanyozedwayo, ndipo palibe adadandaula. Mu 2019 gitala yakuda ya David Gilmour wa gulu la Pink Floyd idagulidwa madola 3,975,000 ku New York, chonsecho mwini wakeyo adaisintha khosi kangapo, adaiboola, adaisintha mawaya. Ikadakhala ya inu kapena ine, ogula akadati yawonongeka. Chimene chidagulidwa pamenepo ndi dzina la munthu. Tsono msika wa magitala akale uli pawiri: pali osonkhanitsa, amene amafuna kuti sikuluu iliyonse ikhale yomwe idachokera kufakitale, ndipo pali oliza, amene amafuna chida chomvera zala. Ife a penshoni tili m'gulu lachiwirili, ndipo tisachite manyazi.

Akuluakulu amene mudali pano zaka za m'ma 1960 mukukumbukira kuti mawu a Stratocaster adatifika kudzera mwa Hank Marvin wa gulu la The Shadows. Gitala yake yofiira, imene Cliff Richard adamuitanitsira kuchokera ku America mu 1959, ndiyo idapengetsa anyamata kuyambira ku London mpaka ku Johannesburg, kumene gululi lidakaimba mu 1961. Ambiri amene amandifunsa za gitala yakale, ndikawafunsitsa, ndimapeza kuti chimene akufuna ndi mawu amenewo, oyera, olira ngati belu. Mawuwo mungathe kuwapeza osagulitsa munda.

Tsopano tinene kuti gitala ili patsogolo panu ndipo mwini wake akuti ndi yakale. Muyambire pati? Musayambire pa penti kapena pa dzina lolembedwa kumutu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yambirani pa khosi. Inyamuleni ngati mfuti, muyang'ane kuchokera kumutu kutsika m'munsi. Khosi lopindika pang'ono ngati uta si vuto, chifukwa m'kati mwake muli chitsulo chotchedwa truss rod chimene mukachipotoza chimaliwongola. Koma khosi lopotoka, mbali ina yakwera ina yatsika, limenelo ndi matenda ovuta kuchiza. Pemphani mwini wake kuti apotoze chitsulocho pang'ono inu mukuona. Ngati sichikutembenuka, kapena chikungozungulira osagwira, bwezani ndalama m'thumba. Pa ma Fender akale chitsulochi chimapotozedwera kumunsi kwa khosi, kotero pamafunika kumasula masikuluu kaye. Wogulitsa wokana zimenezi ali ndi chimene akubisa. Pa ma Gibson yang'anitsitsani kuseri kwa mutu pa kuwala kwa dzuwa. Mutu wake udapendekeka chambuyo ndipo thabwa pamenepo ndi lopyapyala, choncho gitala ikangogwa chagada imathyoka pomwepo. Yolumikizidwa bwino ndi guluu imalira monga kale, koma mtengo wake uyenera kutsika kwambiri.

Kenaka onani tizitsulo topingasa pakhosi paja, mafureti. Ngati tadyeka mpaka kukhala ndi timaenje pansi pa nsambo, dziwani kuti mukugulanso ntchito ya mmisiri, ndipo amisiri odziwa kusintha mafureti kwathu kuno ndi owerengeka. Lizani nsambo iliyonse pa fureti iliyonse, kuyambira kumutu mpaka kumapeto, musanalumikize ku magetsi. N'zotopetsa, ndipo mwini wake ayamba kuyang'ana wotchi, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Gitala yabwino imanjenjemera pamimba panu ngakhale isanalumikizidwe.

Tifike pa pickup. Sindikunena pikapu yonyamula chimanga ija. Ichi ndi kachipangizo kokhala pansi pa nsambo, ka maginito ozengedwa ndi waya wa kopa wopyapyala ngati tsitsi maulendo pafupifupi 8,000. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginitowo, mu waya muja mumabadwa timagetsi tochepa, ndipo ampulifaya imatikuza kukhala mawu. Aphunzitsi athu a sayansi ali pomwepa, aona kuti sitinkagona tonse m'kalasi. Tengani mita yoyezera magetsi kwa wokonza mawailesi. Pickup yakale ya Stratocaster imaonetsa pafupifupi 6,000 ohms, ndipo ya Gibson ya mawaya awiri, imene Seth Lover adapanga n'kuyamba kuikidwa mu 1957, imaonetsa pafupifupi 8,000. Mita ikapanda kuonetsa kanthu ndiye kuti waya udaduka m'kati, ndipo pamafunika kuzenganso.

Za chaka chimene gitala idapangidwa, nambala yokha musaikhulupirire. Pa ma Fender nambala inkadindidwa pa kachitsulo kakuseri mpaka 1976 pamene idasamukira kumutu, ndipo kachitsulo kotere munthu angathe kukamasula n'kukaika pa gitala ina mphindi zisanu zisanathe. Mboni yabwino ili m'kati. Kuseri kwa timabatani tokwezera mawu kuli tizitsulo tozungulira tokhala ndi manambala. Atatu oyambirira ndi a kampani yopanga: 137 ndi CTS, 304 ndi Stackpole. Otsatirawo ndi chaka ndi sabata. Mukaona 1377412, ndiye kuti CTS, chaka cha 1974, sabata ya 12. Gitalayo singakhale yakale kuposa pamenepo pokhapokha ngati kachitsuloko kadasinthidwa, ndipo mungadziwe poona ngati mtovu wowotcherera mawaya uli wowala mwatsopano kapena wakuda ndi ukalamba. Koma ingathe kukhala yatsopano kuposa nambalayo, pakuti mu 1966 a Fender adagula tizitsuloti tochuluka zedi moti tidagwiritsidwa ntchito zaka zingapo zotsatira. Kumunsi kwa khosi nakonso kawirikawiri kumakhala mwezi ndi chaka, zolembedwa ndi pensulo kapena zodindidwa.

Mnzathu wina adanditenga kuti tikaone Stratocaster imene mwini wake ankalumbira kuti ndi ya 1963, ndipo mtengo adauika wa 1963. Tisanaigwire n'komwe, mutu waukulu uja udali utayankha kale. Titaitembenuza tidapeza masikuluu atatu. Titatsegula tidawerenga 1377623. Idali ya 1976. Bambo uja sindikhulupirira kuti ankanama dala; adangomva kwa amene adamugulitsa, nayenso adamva kwa wina. Gitalayo idali yabwino ndithu, khosi lowongoka, mawu okoma, ndipo mnzathuyo adaigula pa mtengo woyenera chaka chake. Akuiliza mpaka lero.

Kwa inu amene mwapeza gitala ya malemu m'nyumba, pempho langa ndi limodzi: musaipente. Mtima wathu umafuna kuti chinthu chakale tichikonze chioneke chatsopano, tipite nacho kwa opopera magalimoto. Pa msika wa magitala akale, kupentanso kumadula mtengo pafupifupi ndi theka. Ming'alu ing'onoing'ono ya pa penti, malo amene padadyeka ndi mkono wa malemuwo, chikasu cha ukalamba, zonsezo ndi zimene ogula amafuna. Musapale dzimbiri ndi sandipepa, musataye bokosi lake ngakhale likununkha nkhungu, ndipo chilichonse chimene mmisiri wachotsa, ngakhale kasikuluu, chisungeni mu envelopu. Ijambuleni mbali zonse, manambala onse aoneke, mufunse anthu awiri kapena atatu odziwa musanamvere munthu woyamba amene wafika ndi ndalama m'manja. Mwina ipezeka kuti ndi yotchipa ya ku Japan ya m'ma 1960, monga Teisco, ndipo zikatero apatseni adzukulu aphunzirirepo. Koma mudziwe kaye.

Ndatchula Japan, ndipo kwa amene akufuna kugula, uko ndiko ndingakulozereni. M'zaka za m'ma 1970, pamene a ku America ankagona, mafakitale a ku Japan ankatengera magitala akale aja mwaluso lodabwitsa pansi pa maina monga Greco, Tokai ndi Ibanez. Mu 1977 eni a Gibson adasumira kampani yogulitsa Ibanez ku America chifukwa cha kaumbidwe ka mutu, ndipo nkhaniyo idathera kunja kwa khoti. A Fender adaona kuti kulimbana nawo n'kutaya nthawi, choncho mu 1982 adakhazikitsa Fender Japan n'kupereka ntchito ku fakitale ya FujiGen ku Matsumoto. Magitala oyambirira a kumeneko, a nambala zoyamba ndi JV, adatengera ndendende a m'ma 1950 ndi 1960. Lero nawonso apitirira zaka 40, ndi akale mokwanira, ndipo ngakhale mitengo yake yakwera, ili kutali kwambiri ndi ya pre-CBS. Chenjezo n'lakuti ogulitsa pa intaneti amakonda kutchula gitala iliyonse ya ku Japan kuti ndi ya nthawi ya mlandu uja pofuna kukweza mtengo.

Poitanitsa kunja muwerengere ndalama zonyamulira ndi msonkho wa kasitomu musanavomere mtengo. Palinso nkhani ya thabwa. Kuyambira 1959 a Fender ankamata pamwamba pa khosi thabwa lakuda la rosewood, ndipo la zaka zoyambirirazo lidali la ku Brazil. Mtengo umenewu udaikidwa pa mndandanda woletsedwa kwambiri wa pangano la CITES mu 1992. Mitundu ina ya rosewood idaikidwa pa malamulo mu 2017, kenaka zida zoimbira zidamasulidwa mu 2019, koma wa ku Brazil sudamasulidwe. Gitala yokhala ndi thabwa limeneli imafuna zikalata kuti idutse malire, ndipo yopanda zikalata ingathe kulandidwa, ndalama zanu n'kupita.

Tsopano ndifike pamene ndikufuna kuti ngakhale amene akuwodzera adzuke. Gitala yakale imakoka mnzake, ampulifaya yakale ya mavalavu. Magetsi athu kuno ndi a 230 volts. A ku America ndi 120, a ku Japan ndi 100. Ampulifaya ya kumeneko mukangosintha pulagi n'kuilowetsa pa soketi yathu, imapsa nthawi yomweyo. Imafuna thiransifoma yotsitsa mphamvu. Kumeneko n'kutaya ndalama chabe. Choopsa ndi ichi: maampulifaya a ku America a m'ma 1950 ndi 1960 adali ndi pulagi ya mano awiri, yopanda waya wopita pansi, ndipo m'kati mwake mudali ka capacitor kolumikiza magetsi a pakhoma ndi chitsulo cha ampulifaya. Amisiri amakatchula kuti ka imfa. Nsambo za gitala zimalumikizana ndi chitsulo chomwecho kudzera mu chingwe. Kachipangizoko kakafa, magetsi a pakhoma amafika pa nsambo, pamene pali zala zanu, ndipo mukakhudza maikolofoni kapena mukaponda simenti yonyowa opanda nsapato, njira ya magetsiwo ndi thupi lanu. Leslie Harvey wa gulu la Stone the Crows adafera pa siteji ku Swansea mu 1972 atakhudza maikolofoni imene idalibe waya wopita pansi. Keith Relf, yemwe adali woimba wa The Yardbirds, adafa ndi magetsi mu 1976 akuliza gitala m'nyumba mwake.

Ganizirani tsono m'mene timalumikizira zinthu pa maukwati ndi pa misonkhano ya chitsitsimutso: jenereta pa udzu wonyowa, mawaya osenda olowetsedwa mu soketi n'kutsekera ndi machesi, dzino lachitatu la pulagi litathyoledwa. Ampulifaya yakale iliyonse, musanaiyatse, ipite kwa mmisiri wodziwa, achotse ka capacitor kaja, aike chingwe cha mawaya atatu, ndipo ayeze ngati soketi ya m'nyumba mwanu ilidi ndi waya wopita pansi. Apa ndiye pokhapo pamene ndimati zakufakitale zichoke, osonkhanitsa anene zimene anganene. Ndipo musapise dzanja m'kati mwake ngakhale mutazimitsa, chifukwa zosungira mphamvu za m'menemo zimasunga ma volts mazana angapo kwa nthawi ndithu. Milomo ikamva kulumaluma pa maikolofoni, lekani kuimba pomwepo.

Za kalizidwe ndinene mwachidule, popeza a Wapampando ayamba kundiyang'ana. Gitala yakale ili ndi makhalidwe ake ngati nkhalamba. Pamwamba pa khosi la Fender yakale ndi pozungulira kwambiri kuposa pa zamakono, ndipo mafureti ake ndi ang'onoang'ono. Pogwira makodi dzanja limakhala bwino, koma mukakankha nsambo m'mwamba monga amachitira a blues, mawu amatha kutsamwa, pokhapokha nsambo mutazikweza pang'ono. Kwa ife okonda rumba ya Franco ndi Dr Nico, kapena sungura ya Leonard Dembo, limeneli si vuto kwenikweni, chifukwa nyimbo zimenezo zimafuna mawu oyera othamanga, osati kukankha nsambo. Chofunika kwa ife n'chakuti gitala isanamize kumunsi kwa khosi kumene timakonda kusewerako, ndipo zimenezi zimakonzedwa posuntha tizitsulo ta pa mlatho pamene nsambo zimatsamira. Telecaster yakale ili ndi tizitsulo titatu tokha, nsambo ziwiri pa kamodzi, choncho pamafunika kugawa cholakwacho pakati.

Mudzaonanso kuti nsambo yachitatu, ya G, imalira mopitirira zinzake. Si kuwonongeka. Maginito a Stratocaster yakale adawasiyanitsa kutalika poganizira nsambo zokhuthala za nthawi imeneyo, pamene G idali yozengedwa ndi waya, yolira motsika, ndiye maginito ake adawatalikitsa. Nsambo zopyapyala zidafala m'ma 1960, ndipo G yosazengedwa ikakhala pa maginito ataliwo imafuula. Chala chimazolowera kuigunda mofatsa. Swichi nayo mpaka 1977 idali ndi malo atatu okha, ndipo oimba adatulukira okha kuti akaiimika pakatikati pamatuluka mawu ena okoma, ena mpaka ankaitsekera ndi kamtengo ka machesi. Kung'ung'udza kumene mumamva mukasiya kuliza n'chibadwa cha pickup ya waya umodzi. Tembenukani pang'onopang'ono muli chiimire mpaka mutapeza mbali imene kukuchepa, ndipo talikirani magetsi a machubu ndi zotchajira foni.

Posunga, adani ake kwathu kuno ndi atatu. Kutentha kwa mwezi wa Okutobala m'buti ya galimoto kumasungunula guluu ndi kung'amba penti. Chinyezi cha dzinja chimatupitsa thabwa ndi kudyetsa nsambo dzimbiri, kotero khosi limene lidali bwino mu Julayi lingafune kupotozedwa pang'ono mu Januwale, osapitirira kota ya kuzungulira kumodzi pa tsiku. Mdani wachitatu ambiri samudziwa: mankhwala odzola othamangitsa udzudzu. Ambiri mwa iwo ali ndi DEET, amene amasungunula penti ya nitrocellulose, moti mkono wodzola ukatsamira pa gitala umasiya chipsera chosachoka. Mphira wa pa zoimikira zina nawonso amadya penti yomweyo. Sambani m'manja, valani malaya a manja aatali, ndipo mukatha kuliza ipukuteni ndi kansalu kouma n'kuibweza m'bokosi.

Ndabwera ndi gitala ya ku Japan ya 1983, ili pakona apo pamodzi ndi mita ndi sikuludiraiva. Tikatha pano ndiitsegula kuti amene akufuna aone manambala aja ndi maso awo, ndipo amene zala zikuwayabwa ayeseko. Ampulifaya yake idayezedwa, ndipo soketi ya muholo muno ndaiyeza ndekha m'mawa uno.